Opulumuka ku AKI: zomwe lipoti la Villeneuve linayeza ndi zomwe linasiya

M'kaundula wa pawodi nkhani ya wodwala imathera pa mawu ochepa: watulutsidwa, watumizidwa kwina, wathawa, wamwalira. Munthu amene impso zake zinaleka kugwira ntchito mwadzidzidzi, vuto lomwe achipatala timangoti AKI, akayambanso kukodza ndipo mlingo wa creatinine m'magazi mwake ukatsika, timalemba kuti watulutsidwa n'kuyalira wina bedi. Zoti akakafika kumudzi adzathanso kugwira khasu, kusenza ndowa kuchokera ku mjigo kapena kupalasa kabaza, sizilembedwa paliponse.

Limeneli ndi funso lomwe ofufuza a ku Canada, Villeneuve, Bagshaw ndi anzawo, anayesa kuyankha m'lipoti lomwe linatuluka m'magazini ya Intensive Care Medicine m'chaka cha 2016. Iwo sanapite kukafunsa odwala atsopano. Anasonkhanitsa makafukufuku 18 omwe anali atachitika kale, okhudza akuluakulu amene anadwala AKI ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ku ICU, n'kuunika zomwe anthuwo ananena za thanzi lawo patapita miyezi kapena zaka. Lipotili si latsopano, koma limatchulidwabe nkhani ya opulumuka ku AKI ikabuka, ndipo pa zokambirana zina za ophunzira ndinamva mnzanga akulitenga ngati umboni woti wopulumuka safunika kumulondola mwapadera. N'chifukwa chake ndalitenganso kuti tiliwerenge mofatsa.

Zomwe anapeza zikhoza kunenedwa m'ziganizo zitatu. Moyo wa opulumuka ku AKI unali wovutirapo kwambiri poyerekeza ndi wa anthu wamba, ndipo chomwe chinkavuta kwambiri chinali mphamvu za thupi kuposa maganizo. Powayerekeza ndi anthu ena amene anagonekedwanso ku ICU koma impso zawo sizinakhudzidwe, kusiyana kwenikweni sikunaoneke. Ndipo ambiri mwa opulumukawo ankati moyo umene ali nawo ndi wolandirika ndithu. Chiganizo choyambacho ndikuchivomereza popanda kuwiringula. Ziwiri zinazo ndi zoona kwa anthu amene anafunsidwawo, koma sizinganyamulidwe mmene zililimo kuchokera ku Edmonton kapena ku Helsinki n'kudzatulidwa pa chipatala chachikulu cha m'boma kuno kwathu.

Kwa anzathu ongodzipereka amene sayang'ana zotsatira za ku labu tsiku ndi tsiku, ndifotokoze pang'ono. Impso zimasefa magazi n'kutulutsa zoipa mu mkodzo. Munthu akataya madzi ambiri chifukwa cha kutsekula m'mimba, akataya magazi pobereka, akadwala malungo aakulu kapena matenda ofalikira m'magazi, kapenanso akamwa mankhwala owononga impso, kusefako kumatha kuchepa m'maola kapena masiku ochepa chabe. Malangizo a bungwe la KDIGO a 2012 amati munthu ali ndi AKI ngati creatinine wakwera ndi 0.3 mg/dL m'maola 48, kapena wafika pa kamodzi ndi theka ka mlingo wake wakale m'masiku 7, kapena ngati mkodzo wachepera 0.5 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ola kwa maola 6. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60, ndiye kuti mkodzo wa maola 6 onsewo sukufika 180 ml, wosadzaza n'komwe botolo la Fanta.

Lipotili lili ndi zabwino zake, ndipo sindikufuna kuzibisa. Kwa zaka zambiri makafukufuku a AKI ankangowerenga omwalira ndi otsalira pa makina osefa magazi, ngati kuti aliyense amene sali m'magulu awiriwa wachira. Villeneuve ndi anzake anabweza nkhaniyi kwa mwini thupi. Anavomerezanso poyera kuti makafukufuku omwe anasonkhanitsa anali osiyanasiyana pa mafunso omwe anagwiritsa ntchito komanso pa nthawi yomwe anafunsira. Vuto lalikulu likubwera ndi ife owerenga, amene timatola chiganizo chokoma n'kusiya machenjezo.

Tiyambe ndi amene anawerengedwa. Fomu ya mafunso imayankhidwa ndi munthu wamoyo, amene wapezeka, ndipo ali ndi mphamvu zoyankhira. Kafukufuku wa POST-RENAL wa ku Australia ndi New Zealand, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014, analondola odwala oposa 1,400 omwe anaikidwa pa makina osefa magazi ku ICU. Patapita zaka pafupifupi zinayi, anthu oposa 60 pa 100 alionse anali atamwalira. Choncho mawu akuti moyo wa opulumuka ndi wolandirika akuchokera kwa anthu amene anapepetedwa kangapo: anapulumuka ku ICU, anapulumuka miyezi yoyamba kunyumba, anatha kudzaza fomu. Amene anafooka kwambiri, amene mutu sunabwerere m'chimake, amene anagonekedwanso, nthawi zambiri ndi omwe sayankha. Fomu yosabwerayo siwerengedwa ngati moyo woipa. Imangosowa, ndipo avareji imakwera.

Kuno kupepetako n'kwakukulu kuposa pamenepo. Evans, Hemmilä ndi anzawo anayeza odwala 892 omwe anagonekedwa m'mawodi a matenda a akuluakulu pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2015, ndipo lipoti lawo linatuluka mu BMC Nephrology mu 2017. Anthu 153, kapena kuti 17 pa 100 alionse, anali ndi AKI. Pafupifupi 6 mwa 10 alionse anali pa gawo lachitatu, lomwe ndi loopsa kwambiri. Anthu 44 pa 100 a m'gulu la AKI anamwalira asanatuluke m'chipatala, pomwe mwa odwala opanda vuto la impso anamwalira pafupifupi 14 pa 100. Ndiye tikawonjezera zomwe tonse tikudziwa, kuti nambala ya foni yomwe wodwala amasiya kawirikawiri imakhala ya gadiyani kapena ya mnansi, kuti amene akukhala kutali ndi msewu sabwera ku tsiku lomwe tamupatsa, kafukufuku wathu atatengera njira yomweyo ya mafomu angatipatse chithunzi chowala kuposa cha ku Canada, ndipo chingakhale chabodza.

Chiganizo chachiwiri, choti opulumuka ku AKI sasiyana ndi ena otuluka ku ICU, ndi chomwe chimasocheretsa kwambiri. Munthu amene wakhala masabata ali pa makina opumira amatuluka minofu itatha, tulo tikuvuta, miyendo ikukana. Kunena kuti wa AKI ali ngati ameneyo sikunena kuti ali bwino. Kukungosonyeza kuti pa mtolo wolemera wa matenda a kayakaya, gawo la impso n'lovuta kulipatula. Kafukufuku wa FINNAKI wa m'ma ICU a ku Finland, amene Nisula ndi anzake analemba mu 2013, anaonjezera mfundo yofunika: odwala AKI ambiri thanzi lawo linali kale lotsika poyerekeza ndi anthu wamba asanagonekedwe, ndipo patapita miyezi 6 opulumukawo anangobwerera pomwe anali. Zimenezi n'zomveka kwa munthu wa zaka za m'ma 60 amene anali kale ndi shuga, matenda a mtima kapena khansa, wopuma pa ntchito, amene penshoni yake imabwera kaya wadzuka bwino kaya ayi.

Wodwala wathu si ameneyo. M'kafukufuku wa ku Blantyre uja theka la odwala AKI linali la zaka 41 kapena kucheperapo. Oposa theka anali ndi HIV. Zoyambitsa zikuluzikulu zinali matenda ofalikira m'thupi ndi kutha kwa madzi, makamaka kutsekula m'mimba ndi TB, ndipo ambiri anali atamwa mankhwala amene angathe kuwononga impso. Munthu wa zaka 41 ndi mwini munda, ndi wolipira sukulu fizi, ndi wosamala makolo. Ambiri a iwo sadutsa n'komwe ku ICU. Amalandira diripi pa wodi wamba, ena pa chipatala chaching'ono, ena mu tenti ya kolera, monga zinalili pa mliri wa 2022 ndi 2023 umene unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Lipoti la Villeneuve linasankha dala kuyang'ana za ku ICU zokha, ndipo sindikuliimba mlandu pa chimenecho. Koma likuyankha funso la anthu ena. Funso lathu ndi la munthu amene sabata yatha anali m'dimba, lero impso zayambanso kugwira ntchito, ndipo banja likudikira kuti abwerere m'dimbamo.

Tifike pa miyeso. Makafukufuku ambiri m'lipotili anagwiritsa ntchito mafunso a SF-36 kapena a EQ-5D. SF-36 inapangidwa ku America, ndipo pofuna kudziwa mphamvu za munthu imafunsa za kukwera masitepe a nyumba zosanja, kukankha makina oyeretsera kapeti, ngakhale kusewera gofu. Omasulira amasintha zitsanzozi, inde, koma kulemera kwa ntchito yomwe funso linalingalira kumatsala komweko. Munthu akhoza kukhoza bwino mafunso onsewo koma osatha kupanga mizere ya theka la ekala.

EQ-5D ndi yaifupi, ndipo ndi yomwe ambiri a ife tinaigwirapo. Imafunsa zinthu zisanu: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za masiku onse, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Kenako munthu amaloza pa mzere wa 0 mpaka 100 pomwe akuona kuti thanzi lake lili lero. Ili m'Chichewa, ndipo Chokotho ndi anzake anaiyesa pa odwala ovulala mafupa n'kulemba zotsatira mu Malawi Medical Journal mu 2017. Ntchito imeneyo ndi yotamandika. Koma mayankho asanu aja amasandutsidwa nambala imodzi pogwiritsa ntchito mulingo wa mmene anthu a dziko linalake amaonera kulemera kwa vuto lililonse, ndipo makafukufuku ambiri a kuno akhala akubwereka mulingo wa ku Zimbabwe, umene Jelsma ndi anzake anasindikiza mu 2003 atafunsa anthu a mumzinda wa Harare. Mlimi wa ku Nsanje ndi munthu wa m'tauni ku Harare wa zaka zoposa 20 zapitazo sangaike mtengo wofanana pa kulephera kuyenda mtunda wautali.

Funso la ntchito za masiku onse lili ndi msampha wina umene ndinagweramo ndekha. Pamene ndinkatolera mayankho a kafukufuku wa digiri yanga yachiwiri, ndinacheza ndi mayi wina amene anadwala kwambiri atabereka: BP inakwera, anakomoka, mkodzo unasiya kwa masiku angapo. Panali patapita miyezi isanu. Nditawafunsa ngati akuvutika kugwira ntchito zawo za masiku onse, anati ayi, ndipo ndinachonga bokosi loyamba. Tikutsanzikana ndinaona mtsikana wa zaka ngati 13 akutula ndowa, nthawi ili ya sukulu. Nditafunsa, mayiwo anati mwanayo anayamba waima kaye sukulu kuti azitunga madzi ndi kuphika, ndipo dimba analibwereketsa kwa alamu awo. "Ntchito yanga tsopano ndi kusesa pakhomo ndi kuyamwitsa, mwananga. Ndiye vuto lichokera kuti?" Sananame. Ntchito zawo za masiku onse zinali zitachepetsedwa kuti zifanane ndi mphamvu zomwe zinatsala, ndipo mtengo wake unkalipiridwa ndi mwana wa Sitandade 7 amene pa fomu yanga panalibe bokosi lake. Fomuyo ndinaisiya mmene inalili, chifukwa malamulo a kafukufuku salola wofunsa kusintha yankho la munthu.

Apa ndi pomwe ndikukayikira chiganizo chachitatu, choti opulumuka ambiri amaulandira moyo wawo. Ofufuza akudziwa kale kuti munthu amene waona manda pafupi amasintha muyeso wake: zomwe kale akanadandaula nazo, tsopano amaziona zazing'ono. Ku Finland komwe, anthu amene nambala yawo ya EQ-5D inali yotsika ankaloza pa mzere wa 0 mpaka 100 pamalo osasiyana kwenikweni ndi anthu wamba. Pomwe ku America, Johansen ndi anzake mu 2010 anayeza opulumuka a m'kafukufuku wa ATN patapita masiku 60 pogwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Health Utilities Index, n'kupeza avareji ya 0.40 pa muyeso umene 1 ndi thanzi langwiro ndipo 0 ndi imfa. Woposa mmodzi mwa anayi alionse anali pa mkhalidwe umene anthu wamba amauona ngati wofanana ndi imfa kapena woipa kuposa imfa. Zinthu ziwirizi zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Munthu akhoza kuthokoza kuti ali moyo uku akulephera kusamba yekha.

Kwathu kuno kuthokozako kumaphatikizana ndi ulemu. Ndani wa inu sanamvepo wodwala wotupa miyendo akuti "ndikupezako bwino, adokotala"? Munthu akafunsidwa ndi wovala yunifolomu ya chipatala chomwe chinamupulumutsa, kudandaula kumaoneka ngati kusayamika. Ndiye "ndili bwino" wa pa fomu tisamutenge ngati chilolezo chotsekera fayilo. Ndinganene kuti mafunso a WHOQOL-BREF, omwe Colbourn ndi anzake anawamasulira ndi kuwayesa ku Lilongwe mu 2012, akuyandikirako ku moyo wathu, chifukwa mwa mafunso ake 26 muli ofunsa za ndalama, za mayendedwe ndi za kupezeka kwa chithandizo. Koma nawonso amafunsa munthu mmodzi, pomwe matendawa amagwera nyumba yonse: gadiyani amene anagona pansi pa bedi masabata atatu, mbuzi yomwe inagulitsidwa kuti papezeke thiransipoti, feteleza amene sanathiridwe nthawi yake.

Pali chinthu china chomwe fomu ya mtundu uliwonse singachione, ndipo ndi chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Impso zowonongeka sizipweteka. Munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso zake akudzimva bwinobwino. Coca ndi anzake mu 2012 anaphatikiza makafukufuku angapo n'kupeza kuti amene anadwalapo AKI ali pa chiopsezo chachikulu kangapo chodwala matenda a impso okhalitsa. See ndi anzake mu 2019, ataphatikiza makafukufuku 82 okhudza anthu oposa 2 miliyoni, anapeza kuti chiopsezo cha matenda okhalitsawo ndi choposa kawiri ndi theka, cha kufa kwa impso kotheratu ndi pafupifupi kasanu, ndipo cha imfa ndi pafupifupi kawiri. POST-RENAL uja anapeza kuti otsalira pa makina osefa magazi anali ochepa, pafupifupi 5 pa 100, koma pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali ndi puloteni mu mkodzo, chizindikiro choti impso zikudontha. Ku Sydney munthu wotereyu akafika poipa, makina alipo. Kuno makina a m'zipatala za boma ndi ochepa, ndipo kwa zaka zambiri ankapezeka ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central kokha. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Makanjira, mmene moyo wake udzakhalire zaka zisanu zikubwerazi zikudalira ngati wina aona kudonthako msanga.

Ngakhale creatinine amene timamudalira potulutsa wodwala akhoza kutinamiza. Creatinine amachokera ku minofu. Munthu amene wagona masabata awiri osadya mokwanira minofu imatha, ndipo creatinine amatsika ngakhale impso zisanachire. Prowle ndi anzake anasonyeza zimenezi mu 2014 pa odwala a ku ICU. Taganizirani wodwala wathu wa TB ndi HIV amene analowa m'chipatala ali woonda kale. Nambala yooneka yabwino pa tsiku lotuluka ikhoza kukhala ya munthu amene impso zake zikugwira ntchito mwatheka. Akadzayamba kudya ndi kunenepa, nambala yeniyeni ndi pomwe idzaoneke, ife titamuiwala.

Lipoti la Villeneuve ndi la akuluakulu okhaokha, choncho ana mulibemo. Koma ku Uganda, Conroy ndi anzake mu 2019 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse odwala malungo aakulu anali ndi AKI, ndipo ana amenewa patsogolo pake ankatsalira pa mayeso a kaganizidwe komanso ankapezeka ndi matenda a impso okhalitsa kuposa anzawo. Malungo aakulu tili nawo m'mawodi a ana chaka chilichonse. Mwana amene wabwereza kalasi kawiri atadwala malungo, kawirikawiri palibe amene amakumbukira kuti mkodzo unasiya masiku awiri.

Nanga makafukufuku athu? Sindikufuna kuoneka ngati ndikunyoza ntchito yomwe inatsegula maso athu. Bungwe la International Society of Nephrology litayambitsa ntchito ya 0by25, yomwe inkafuna kuti pofika 2025 pasakhale munthu womwalira ndi AKI yopeweka, linayerekeza kuti anthu 13.3 miliyoni amadwala AKI chaka chilichonse, ndipo 85 pa 100 mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Malawi anali mmodzi mwa maiko atatu, pamodzi ndi Nepal ndi Bolivia, komwe anayesa kuyeza creatinine ndi kamakina ka m'manja pa zipatala zing'onozing'ono, ndipo odwala analondoledwa mpaka miyezi 6. Lipoti lake la 2021 linatsindika pa kuzindikira vutoli msanga, kuchira kwa impso ndi imfa, ndipo m'pake, pakuti pomwe anthu 44 pa 100 akumwalira pa wodi, choyamba ndi kuwapulumutsa. Koma m'kafukufuku wa ku Blantyre wa 2015 uja anthu oposa 80 anatuluka ali moyo. Cholinga cha kafukufukuyo sichinali kufunsa mmene moyo wawo unayendera pambuyo pake, ndipo ndi nkhani ya anthu ngati amenewo yomwe ndikufuna kuiwerenga.

Tisadikire kafukufukuyo kuti tiyambe kuchitapo kanthu. KDIGO inanena kale mu 2012 kuti aliyense amene anadwala AKI awonedwenso pakatha miyezi itatu. Ngakhale kwa olemera zimenezi zimalephereka: Siew ndi anzake mu 2012 anapeza kuti mwa asilikali opuma a ku America amene impso zawo zinali pa chiopsezo atadwala AKI, osafika 1 mwa 10 ndi amene anatumizidwa kwa dokotala wa impso m'chaka choyamba. Ife madokotala a impso tili nawo owerengeka, koma tili ndi chinthu chomwe wodwala amayenda nacho kulikonse, buku lake la kuchipatala. Mukamatulutsa wodwala, lembani AKI ndi zilembo zazikulu, chomwe chinayambitsa, creatinine wokwera kwambiri ndi wa tsiku lotuluka, ndi tsiku lenileni loti adzabwere. "Mudzabwere pakapita nthawi" si tsiku. Mawu oti "sepsis, improved" okha amachititsa kuti kiliniko ofesa wa kwawo adzamulembere diclofenac kapena gentamicin mwezi wamawa osadziwa kanthu.

Wodwalayo ndi gadiyani wake auzidwe m'Chichewa chomveka kuti impso zinavulala. Ambiri amatuluka akudziwa kuti anadwala malungo kapena kolera, za impso osamvapo. Auzidwe kuti Brufen, diclofenac ndi Indocid za pa gulosale si zawonso, ndipo Panado ndiye wabwinoko mutu ukamapweteka. Za mankhwala azitsamba tifunse mosanyoza, chifukwa tikanyoza atibisira. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, omwe ndi ochuluka mwa omwa ma ARV kuno, a ku kiliniki ya ART adziwitsidwe kuti aone ngati pakufunika kusintha. Wodwala asasiye yekha mankhwala. Ndipo akayamba kutsekula m'mimba kapena kusanza, amwe Thanzi ORS n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa impso zomwe zinavulalapo sizichedwa kuvulalanso. Pa tsiku la miyezi itatu lija, ngakhale labu ilibe mankhwala oyezera creatinine, BP ikhoza kuyezedwa, ndipo kapepala koviika mu mkodzo kamasonyeza puloteni m'mphindi imodzi. Wopezeka ndi BP yokwera kapena puloteni alembetsedwe ku kiliniki ya matenda osapatsirana, osati kungouzidwa kuti achepetse mchere.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi ongodzipereka amene mumafika pakhomo, mwayi wanu ndi umene ofufuza a makafukufuku 18 aja analibe: mumaona ndi maso. Funso loti "mukupeza bwanji" yankho lake mukulidziwa kale. Funsani kuti munda walima ndani chaka chino, madzi akutunga ndani, kutchalitchi kapena ku mzikiti akufika wapansi ngati kale, usiku akudzuka kangati kukakodza, nsapato zikulowabe. Yang'anani ngati nkhope imatupa m'mawa. Onani ngati pali mwana amene wasiya sukulu kapena katundu amene wagulitsidwa chidwalireni. Funsaninso za tulo ndi nkhawa, makamaka kwa mayi amene anataya mwana pa kudwala komweko, pakuti kwa iye impso ndi gawo laling'ono la zomwe zinachitika.

Kwa amene akufuna mutu wa kafukufuku, ndingakonde kuona ntchito yolondola opulumuka a pa wodi wamba, osati a ku ICU okha, yowerenga omwalira ndi osapezeka pamodzi ndi oyankha m'malo mowachotsa pa chiwerengero, yofunsa gadiyani payekha, ndiponso yofunsidwa ndi munthu wosavala yunifolomu. Ilembenso mwezi umene munthu wafunsidwa. Kolera ndi malungo zimachuluka nthawi ya mvula, choncho ena mwa odwala AKI amatuluka m'chipatala mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya kupalira ndi ya njala, pomwe kufooka kwa matenda n'kovuta kukusiyanitsa ndi kufooka kwa kusadya. Miyezi itatu yawo imakwana mu Epulo ndi Meyi, chimanga chikukololedwa, ndipo pamenepo mlangizi akhoza kungoyang'ana kuti matumba akuchokera kumunda pa mutu pa ndani.